Khoma Loyang'ana Kunjira

Lachiwiri, 2 Ogasiti 1983

Mphepo chiyambire m'mawa. Fumbi m'maso, m'mano, ngakhale m'kope muno. Chiwaikireni amayi m'manda mwezi sunathe.

Ndikugona m'gowelo langa lakale, pakati pa matumba a nsawa a Idesi, mlongo wanga. Ine ndi makoswe, tonse osagona. Atate ali okha m'nyumba yaikulu. Tsiku lonse pakhonde, kusema mpini wa khasu pamene wakale sunathyoke.

Koleji ku Lusaka itsegulidwa pa 5 Seputembala. Tisanatseke, aphunzitsi athu a zojambula anatipatsa ntchito ya patchuthi. Aliyense wa chaka chomaliza abwere ndi ganizo la chithunzi chimene sangachipange yekha. Chopangidwa ndi anthu ambiri pamodzi, anthu wamba, wojambulayo n'kungokhala woyambitsa. Mawu awo: “Mukabwera ndi dzanja lanu lokha, mwalephera.” Tinaseka tsiku limenelo. Telegalamu ya maliro inali isanafike.

Ndatsegula kope kuti ndilembe maganizo. Tsamba loyera mpaka madzulo. Maso amangothawira ku khoma.

Khoma la nyumba ya amayi, loyang'ana kunjira. Anayamba kulilocha mu Juni, monga chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe. Pansi makande akuda. Pamwamba pake timapiri tofiira ta katondo. Kenako madontho oyera a chala, ngati nkhanga. Madonthowo afika pansi pa zenera n'kuima. Lomaliza lakokeka pang'ono, ngati wina anawaitana. Kuyambira pamenepo mpaka kungodya, palibe dontho.

Idesi akuti amayi anadandaula mutu. “Ndikapume pang'ono, ndimaliza mawa.”

Lachinayi, 4 Ogasiti

Amalume a Wadson anabwera m'mawa, chipewa m'manja. Tsiku lapangidwa: Loweruka pa 27. Adzasudzula atate, ndipo adzukulu, omwe aja anakumba manda ndi kusambitsa thupi, adzagwetsa nyumba.

Ndimadziwa. Ndinakulira pano. Atate ndi mkamwini, anachokera ku Zemba kudzakwatira kuno kwa Zingalume, ndipo mkazi akamwalira mkamwini amamasulidwa n'kubwerera kwawo. Nyumba ya womwalira imagwa. Ndinaonapo zina zikugwa ndili mwana, tinkathamangira kukatola misomali. Koma kudziwa n'kwina, kumva tsiku n'kwinanso.

Atate anangoti, “Zikomo, alamu.” Mpini uja m'manja.

Mango anabzala ndi iwo. Nsichi anadula ndi iwo. Adzachoka ndi njinga, chitseko ndi bokosi la zovala.

Ndayesa kulijambula khomalo papepala. Kanayi kapena kasanu. Mizere yake ikutuluka, koma pepala ndi losalala kwambiri. Mulibe zidindo za zala. Ndang'amba onse, kenako ndadandaula mapepala, poti kuno osowa.

Lolemba, 8 Ogasiti

Miyendo yosakhazikika. Ndinapita ku boma panjinga ya atate kukafuna wojambula ndi kamera. Ndinamupeza akusoka nsapato. Filimu kulibe chiyambire Epulo. Akuti mwina mwezi wamawa, mwina chisankho chikatha.

Pobwerera, maganizo a ntchito ya kukoleji. Onse obadwa panjira n'kufera panjira pomwepo.

Ngolo za ng'ombe zodikira pa depoti ya chimanga, mzere wautali. Mwini aliyense ajambule pangolo yake chinthu chimodzi chimene amachikonda, kenako ziyende pamodzi. Ndinafunsa mmodzi. “Penti ugula ndiwe?” Sopo ndi mchere tikuimira mzere, nanji penti.

Ana a sukulu, phulusa, bwalo la mpira. Chithunzi chachikulu choonera pamwamba pa chulu. Mphepo ya Ogasiti ingachitenge ndisanatsike pachulupo.

Nsalu imodzi yaitali, amayi a Chigwirizano a kutchalitchi aliyense asokepo kachigamba kake. Amayi akanalikonda ganizo limeneli. Akanabweretsa kachigamba ka malaya anga a sukulu, ndikudziwa. Apa ndinatsika panjinga n'kukhala pansi pa mtengo kanthawi.

Ndili ndi buku la ku laibulale ya koleji, lonena za zojambula za m'mapanga. Likuti zina mwa zoyera za m'mapiri a kuno kum'mawa anajambula ndi akazi, ndi zala. Masamba ambirimbiri, dzina la mkazi ngakhale limodzi mulibe. Komabe iwo thanthwe linawasungira. Amayi anga anali ndi dothi basi.

Lachitatu, 10 Ogasiti

A Mariamu anandipeza nditaima pakhoma. Ndi mdzukulu wathu, ndi amene anasambitsa amayi, choncho ali ndi ufulu wotinyoza mmene angafunire mpaka maliro atatha. Ndipo sautaya ufuluwo. “A Lusaka, mukulifunsira ukwati khomalo? Fulumirani, latsala ndi masabata awiri.” Ndinaseka. Kuseka koyamba chibwerereni. Kenako manyazi.

Masana kwa amalume. Ndinakhala pansi, ndinayamba ndi za mvula ya chaka chatha, za ng'ombe yawo yodwala. Pomaliza ndinapempha: nyumba igwe, koma khoma limodzi litsale. Ndilimangira kadenga ka udzu. Silidya kanthu, silivuta munthu.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. “Mphwanga, nyumba imatsata mwini wake. Khoma loima lokha pakati pa mudzi, ana azidutsa bwanji?” Ndinati ana adzazolowera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Sindine ndekha ndikufuna zimenezi.” Ndinaganiza akunena akuluakulu ena a mbumba. Sindinafunse.

Atate sangadzinenere. Mkamwini alibe pakamwa pamudzi wa eni. Ngati sindiwanenera ine, ndani?

Lachinayi, 11 Ogasiti

Ganizo labwera ndikusamba. Chipani chimalalikira za chikhalidwe pawailesi tsiku ndi tsiku. Bwanji osapita kwa atcheyamani a nthambi yathu, a Filimoni? Khomalo likatchedwa chikhalidwe, palibe angalikhudze. Ndipo amayi a m'mudzi akalimaliza pamodzi, ntchito ya kukoleji ndi imeneyo. Zinthu ziwiri pa ulendo umodzi.

Ndinawapeza akupukuta njinga yawo ya kambendera. Munthu wabwino, wokonda kumva mawu ake omwe. Anayamba andiona kadi la Chipani ngati ndi la chaka chino. Kenako anadumpha. “Komuredi Ezara, chikhalidwe ndi chuma cha dziko! Zisiyeni m'manja mwanga.”

Ndabwerera wopepuka. Atate sindinawauze. Adzamva zitatheka.

Lachisanu, 12 Ogasiti

Mulungu wanga.

Chitsulo chinalira kusukulu m'mawa. Msonkhano wa Chipani, amayi onse. Anasiya kutonola chimanga, anasiya thonje m'munda, anabwera atavala zitenje za Chipani, poti wosabwera amalembedwa dzina. Nyimbo, nthungululu, fumbi. Ine kutsogolo pampando, ngati mlendo wolemekezeka.

A Filimoni analankhula mpaka dzuwa pamutu. Akuti mwana wathu wophunzira wabwera kudzaphunzitsa amayi kujambula. Akuti tiyambira khoma la sukulu: muuni ndi khasu, chizindikiro cha Chipani, chisankho chisanafike. Anandipatsa choko. Ndinaimirira nacho ngati wagwira njoka. A Mariamu kumbuyo, mokweza: “Tatiphunzitsani, a Lusaka, dothi limagwiridwa ndi dzanja liti?” Kuseka. Ndikanakonda zikanathera pomwepo.

Koma anapitiriza. Pamaso pa mudzi wonse: nyumba ya amayi, malemu a Elinata, siigwa. Chipani chaikapo dzanja. Wogwetsa adzayankha ku boma.

Idesi ananyamuka, mwana kumbuyo, osatembenuka.

Madzulo sanandibweretsere chakudya. Anatuma mwamuna wake, amene anaika mbale pansi n'kuchoka.

Lamulungu, 14 Ogasiti

Kutchalitchi. Atate ndi mkulu wa mpingo, anawerenga zolengeza monga mwa nthawi zonse, mawu osagwedezeka. Mbali ya amayi, benchi yachiwiri, pali mpata umene palibe wafuna kukhalapo. Maso onse pa ine.

Pobwerera anati tidzere njira ya kumadimba. Iwo patsogolo, ine pambuyo, ngati kale. Analankhula osatembenuka. Ndilembe mmene ananenera, ndisadzasinthe.

“Amalume ako anandifunsa. Anati poti ndine wa mpingo, ngati ndifuna nyumba itsale, itsala. Ndine ndinati igwe.”

Ndinaima. Iwo osaima.

“Ikatsala, Ezara, ine ku Zemba sindikakhala. Mvula ikagwa ndizidzabwera kudzaona ngati denga likudontha. Ndizidzaima panjira kuyang'ana khomalo ngati wamisala. Mkamwini wosudzulidwa sabwerabwera pamudzi wa eni.”

Kenako, pafupi ndi chitsime: “Maliro a amayi ako wakawatula kwa oona makadi.”

Basi. Anathyola tsamba la mpiru m'dimba la amayi, n'kuliyang'ana, n'kulitaya.

Mabuku onse amene ndawerenga. Munthu amagona mbali ina ya khoma lomwelo, ine osamufunsa.

Loweruka, 20 Ogasiti

Sindinalembe. Panalibe cholemba chimene ndikanafuna kudzachiwerenganso.

Nkhuku yopepesera kwa amalume, Lolemba. Tambala wa Idesi, anandipatsa osandiyang'ana. Amalume analandira. “Chisoni chimayendetsa munthu ngati mowa, mphwanga.”

A Filimoni anavuta. Mawu anenedwa pagulu, abwezedwa bwanji? Tinamvana chonchi: iwo aiwala za nyumba, ine ndijambula khoma la sukulu ndekha, amayi asavutitsidwenso. Njereza, makala, katondo pang'ono. Ndamaliza dzulo. Muuni wokongola, khasu lowongoka. Ana akuti likuoneka ngati lenileni. Dzanja langa lokha, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Aphunzitsi athu akanangopukusa mutu.

Lero ndinathandiza Idesi kuswa nsawa. Zala zikugwira ntchito, pakamwa pamasuka. Anayamba yekha. “Achimwene, amayi munawaonapo akuimba chitsulo?” Akuti ankapita kudambo kukakumba dothi loyera, n'kuumba timibulu, n'kusiya kamodzi pakhomo pa mnzawo aliyense. Osanena kanthu. Wapeza kambulu pakhomo wadziwa: mawa kwa a Elinata. Aliyense ankabwera ndi kake atanyika m'phale. Akamaliza kwathu, mawa lake kwa wina.

Ine zaka zonsezi Juni amandipeza kusukulu yogonera konko. Ndinkabwera mu Ogasiti n'kupeza khoma litatha kale. Ndinkati ndi dzanja la amayi. Idesi ananditengera pakhoma la kumbuyo, la chaka chatha, limene mvula sinalifufute lonse. Madontho akuluakulu awa a Mariamu, chala ngati chinangwa. Tating'ono tothithikana ta a Philomena, mnansi wathu wa kuseri kwa nkhokwe. Okhota awa a Idesi mwini.

Chaka chino amayi anayamba okha chifukwa anzawo anali ku thonje. Timibulu anali asanaumbe.

Ndakhala ndikufunafuna ganizo ku depoti, kubwalo la mpira, m'buku la mapanga.

Lamulungu, 21 Ogasiti

Ndafunsa atate. Nthawi ino ndafunsa. Kodi mungalole timalize khoma la amayi?

“Kumaliza malizani. Loweruka igwa.”

Ndavomera. Koma m'kope muno ndisadzinamize. Pansi pa mtima pali kamawu: likatha, likakongola, ndani adzalimbe mtima kuligunda?

Lachiwiri, 23 Ogasiti

Kudambo m'mawa ndi khasu ndi beseni la amayi. Idesi anandilozera malo, pafupi ndi mkuyu wopsa ndi mphezi. Dzenje lawo likadalipo, m'mphepete muli zidindo za khasu lawo laling'ono. Ndinagwada pamenepo nthawi yaitali ndisanayambe kukumba.

Dothi lonyowa ndi lolemera kuposa mmene limaonekera. Panjinga beseni silikhala. Ndinasenza pamutu, popanda nkhata, madzi otuwa akutsikira m'khosi. Njira yodzera pachitsime, nthawi yotunga madzi. Ndithu.

A Mariamu anaika ndowa pansi kuti aseke bwino. “Mkazi wa yani uyu wa ndevu? Amene anakulowola anaberedwa!” Atsikana kugwa nako kuseka. Koma anazula udzu, n'kupota nkhata, n'kundiika pamutu ndi manja awo. Anayang'ana m'beseni. Kuseka kunatha.

Masana kuumba timibulu pansi pa mango. Atate akuyang'ana chapatali. Madzulo ndinayenda khomo ndi khomo, kwa onse amene Idesi ananditchulira. A Chigwirizano, ndi ena a mabanja a Gule amene sapondako kutchalitchi. Amayi sankasankha. Kuika pansi, kuchoka, osagogoda. Galu wa a Philomena anandithamangitsa mpaka kunkhokwe.



Lachitatu, 24 Ogasiti

Ndinasesa pakhoma mamawa. Madzi m'mtsuko, mphasa ziwiri pamthunzi. Idesi anaphika mbatata zambiri.

Palibe.

Anthu akudutsa panjira, akuyang'ana, akufulumiza mapazi. Mbatata tadya tokha, zina nkhumba.

A Philomena anauza Idesi kuchitsime: “Kambulu ndakaona, mwanawe, ndipo ndalira. Koma khoma la womwalira, ife tigwirepo? Pamene chala chake chinaimira?” Akuopa. Sindingawadzudzule. Pambuyo pa za kusukulu zija, angandikhulupirire chifukwa chiyani?

Dzuwa litapendeka ndinayesa ndekha. Ndinanyika dothi, ndinaviika chala, dontho limodzi kungodya, kutali ndi a amayi. Linatuluka lotuwa, lakuda ngati litsiro. Mantha. Ndinati ndalakwitsa dothi, ndawononga khoma. Ndinathawira m'gowelo. Potuluka madzulo, layera mbee, ngati enawo. Kani limayera likauma. Zaka zitatu ku koleji ya zojambula, ndipo ndimathawa dontho.

Lili lokha kungodyako. Likuoneka ngati lasochera.

Lachinayi, 25 Ogasiti

Palibe.

Ndayamba kulembera aphunzitsi athu kuti ndilibe ganizo. Ndaleka. Ndayambanso. Mwina osabwererako n'komwe. Ndalama ya basi atate akuti agulitsa mbuzi, koma mbuziyo ndi imene akanayambira nayo ku Zemba. Ndipo patchuthi chikubwerachi ndidzatsikira kuti? Kuno kulibe nyumba, ku Zemba ndine mlendo. Ndazungulira mudzi kawiri popanda chifukwa. Ndakonza tcheni cha njinga chimene chinali bwinobwino. Kani ndine mwana wa atate.

Mphepo yayamba kudya timapiri tofiira m'munsi. Ngakhale popanda adzukulu, Disembala likanatha.

Lachisanu, 26 Ogasiti

A ku Zemba afika ndi ngolo. Thobwa likuwira m'migolo kwa Idesi. Utsi, ana, moni wosatha.

Atate achotsa chitseko okha. Misomali anaiwongola umodziumodzi pamwala n'kuimanga m'kansalu. Nyumba yopanda chitseko ili ngati munthu woyasama. Ndinalowa komaliza. Fungo la utsi ndi sopo wawo. Pamtanda, mwala wawo wozirira pansi, wosalala ngati dzira. Ndauika m'thumba. Sindinafunse aliyense, ndipo adzukulu akadziwa andilipiritsa.

A Mariamu atenga kale beseni, akuti ndi malipiro awo. Ndinapita kukawapempha kuti ndikatsukemo dothi lotsala. Anandibweza pakhomo. “Choka, wamasiye, usandidetsere bwalo.” Potembenuka ndinaona pakhonde pawo phale la madzi, m'katimo kambulu kanga kakusungunuka.

Mwina angofuna kuzira pakhomo pawo. Ndisaganize zambiri. Mitengo yogwetsera nyumba adzukulu aiimika kale pa mango.

Loweruka, 27 Ogasiti

Ndikulemba pansi pa mango, dzuwa pamutu, zala zoyera. Pensulo ikuterera.

Kutangocha ndinamva phokoso panjira. A Mariamu patsogolo, beseni la amayi pamutu, pambuyo pawo mzere wa akazi, aliyense phale m'manja. Anaima pakhoma, manja m'chiuno, n'kukalipira khomalo ngati munthu. “Iwe Elinata, ulesi unauyamba liti? Ukufuna anthu adzati tinagwetsa nyumba yosatha?” Ena onse ataima patali. Anawatembenukira. “Thupi lake ndinalisambitsa ndine. Khoma lake lindiluma?” Chala m'phale, chala pakhoma. Dontho ngati chinangwa.

Mdzukulu akagwira, njira yatseguka. A Philomena anatsatira, tating'ono tawo tothithikana. Kenako onse. Mapewa kugundana, kukangana za mzere, wina kunena kuti a uje akukhotetsa ngati chaka chatha. A Chigwirizano anayamba nyimbo chapansipansi, enawo osaidziwa mawu ankangong'ung'udza. Idesi anakweza mwana wake, kachala m'dothi, dontho lokokeka. Okokeka achuluka, a ana ndi a nkhalamba. Ine ntchito yanga kuthira madzi m'maphale. Palibe anandifunsa kanthu. Langa lija la kungodya analipeza n'kulizungulira, tsopano lili pakati pa anzake.

Amuna ataima kunjira, manja kumbuyo, poti si ntchito yawo. A Filimoni anatsika panjinga, anayang'ana, ndipo koyamba chibadwire sanalankhule.

Panatsala kampata kamodzi pansi pa zenera, pafupi ndi lomaliza la amayi. Aliyense ankakalambalala. A Mariamu anatenga phale n'kupita pakhonde. “Mkamwini, mwadya za pamudzi pano zaka zonsezi. Lipirani ndi chala.” Anthu anaseka mwamantha. Atate, mkulu wa mpingo, jekete lakuda, amene sanagwirepo dothi lolochera chibadwire. Anaimirira. Anakwinya mkono wa jekete bwinobwino. Anaviika. Chala chinakhala pakhomapo nthawi yaitali kuposa mmene dontho limafunira.

Kenako mwambo, pabwalo. Amalume anathokoza a ku Zemba, anati munthu wanu anatisungira mlongo wathu bwino, palibe mlandu, tikukubwezerani. A ku Zemba anawomba m'manja. Thobwa. Zachidule kuposa mmene ndinkaganizira. Moyo wonse wa munthu pamudzi, mawu ochepa chonchi.

Adzukulu atapita kukatenga mitengo ija, amalume anandikokera pambali. Maso ofiira. Ankayang'ana khoma, osati ine. “Mphwanga, mwina ili lokha tilisiye. Ukamange kadenga kako kaja. Ndikauza anthu ndine.”

Chimene ndakhala ndikuchifuna mwezi wonse. M'manja.

Ndinayang'ana atate. Anali pangolo, akumanga chitseko ndi luzi, msana kukhoma. Mfundo imodzi ankaimanga n'kuimasula, kuimanga n'kuimasula.

Ndinati ayi, amalume. Ligwe.

Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

A Mariamu anafika ndi mtengo paphewa, kufunsa ngati agunde lili lonyowa. Atate anayankha osatembenuka: “Liume kaye.”

Ndiye tonse takhala pansi. Mudzi wathunthu, a ku Zemba, adzukulu ndi mitengo yawo pamiyendo, kuyang'ana khoma likuuma. Madontho atsopano anali otuwa, a amayi oyera, malire ake ooneka bwino. Tsopano akuyera kuyambira kungodya kumene dzuwa likuwomba. Pang'onopang'ono, kulowera kuzenera.

Kwa aphunzitsi ndidzanena chiyani? Chithunzi palibe, filimu kunalibe. Ndili ndi mwala m'thumba ndi dothi m'zikhadabo. Ndidzawauza za timibulu. Akafunsa kuti chithunzicho chili kuti, ndidzati...

Layera lonse. Ndayang'ana pansi pa zenera, ndabwerezanso. Sindikuthanso kudziwa pamene amayi anaimira.

Atate atembenuka. Akuliyang'ana. Avula chipewa.

Akundikodola ndi dzanja, ndikagwire ng'ombe, akuti tinyamuke adzukulu asanayambe kugunda.